Timabuku ta Sikelo M'sutikesi ya Apongozi

Violet anamva kutsokomola kuja asanamuone mwini wake, ndipo anadziwiratu kuti ndi apongozi ake aamuna. Kanjira kanali kamodzi kokha, kamzere kopatula minda iwiri ya mpunga, kongokwana phazi limodzi. Sanaganize kawiri. Anatsikira m'madzi, matope n'kumufika m'mawondo, n'kutembenukira kumapiri atafunda chitenje kumutu. Khanda lake, Keith, linali kumsana, ndipo Angel wa zaka zitatu anatsala pakanjira paja.

"Amama, agogo awo!" anakuwa Angel.

"Ndawamva. Khala chete."

A Mwakibinga anafika pang'onopang'ono, ngati sakudziwa kuti pali munthu waima m'matope chifukwa cha iwo. Ananyamula Angel, kumupukuta mamina ndi chala, kumupatsa nthochi, n'kumapita. Kwa mkamwana wawo sananene kanthu, ndipo si kuti unali mwano. Pabanja la a Mwakibinga ku Kaporo mwambo wakale wa Ankhonde unali udakali ndi mano: mkazi wa mwana wako sumuyang'ana kumaso, iye salowa m'nyumba mwako, ndipo dzina lako satchula. Akakhala ndi mawu amatuma mwamuna wake. Violet, mwana wa ku Uliwa, anali atakhala pamudzipo zaka zisanu ndi ziwiri, koma akanamuimikira nkhalamba zitatu kuti aloze apongozi ake, akanangolozera mwayi. Ankangodziwa nsapato zawo za matayala, ndodo yawo ndi chifuwa chawocho.

Tsikulo linali Lachinayi, tsiku la sikelo. Atatuluka m'matope muja anakumana ndi amayi anzake atabereka ana, atatchena, akupita kutchalitchi komwe a Jeffrey, mlangizi wa zaumoyo, ankapachika sikelo pamtengo wa mango n'kutsegula bokosi lawo la katemera. Iye anali pa ulendo wokawokera mpunga.

"Mayi a Angel, lero simupitanso?" anafunsa mmodzi. "Kapena anu aja anabadwa ndi chitsulo m'thupi?"

Anzakewo anaseka. Violet anaseka nawo, koma ndi mano okha.

Nkhaniyi inayamba ndi Ipyana, mwana wawo woyamba. Ali ndi miyezi itatu anamubaya katemera Lachinayi, Lamlungu anatentha thupi, Lachitatu anamwalira. Kuchipatala anamuyeza magazi n'kunena kuti anali malungo, ndipo Violet, ngakhale ankalira, anamva bwinobwino. Koma pamaliro a Mwakibinga anaimirira pamaso pa mudzi wonse n'kulumbira kuti iwo ali moyo palibe mdzukulu wawo amene adzalasidwenso ndi singano. Kabuku ka kusikelo ka Ipyana anakatsekera m'sutikesi yawo yachitsulo. Angel atabadwa, kabuku kake kanatsatira komweko. Ka Keith kanangogona m'nyumba mwa Violet masiku atatu.

A Jeffrey anayesapo. "Mama, kabuku si nkhani, tikupatsani kena," ankatero akakumana naye pamjigo. Koma mwana wobayidwa sabisika. Amalira, ntchafu imatupa, ndipo pasikelo pamakhala maso a mudzi wonse. Komanso mwamuna wake, Ambokile, anali atamuchenjeza kale. Ng'ombe zisanu ndi imodzi zinapita ku Uliwa pomukwatira. Akadzaphwanya mawu a Tata adzabwerera kwawo ndi zitenje zake zokha, ana adzatsala. Chotero njira yofikira timabuku tija inali imodzi basi, yodzera pakamwa pa Ambokile.

Madzulo a tsikulo anamupeza akumasula ng'ombe pagoli.

"Bambo a Angel, Keith wakwana miyezi iwiri. Mwawauza Tata?"

"Ndawauza."

"Ati bwanji?"

"Ati bwanji! Iwe sukuwadziwa? Akuti ayi."

"Munawakumbutsa kuti Ipyana anali malungo? Kuti ana onse a m'mudzi muno amabayidwa ndipo akuthamangathamanga?"

"Zonse ndinanena, mayi. Anangotukula ndodo n'kundilozera njira." Ambokile anaseka n'kumutsina Keith patsaya. "Taona kunenepa kamunthuka. Kakusowa chiyani? Mkaka wa Chitumbuka ndi katemera wokwana."

Ambokile anali munthu wanthabwala, wosamenya mkazi, wosakonda mowa. Mankhwala ake otalikitsa moyo ankamwa mokhulupirika, ndipo anamuuza Violet za magazi ake asanakwatirane, chinthu chimene amuna ambiri chimawakanika. Ndiye munthu wotero ungamukayikire bwanji? Mwezi uliwonse Violet ankamutuma, mwezi uliwonse iye ankazungulira kuseri kwa khola, kukhalako ola lathunthu, n'kubwera ndi "akuti ayi" yemweyo. Violet anaida nkhalamba ija. Anada chifuwa chake, ndodo yake, ngakhale nthochi zimene inkapatsa Angel. Kuida sikunamuvute, poti nkhope yake sankaidziwa.

Mpunga unacha mu Juni, nthawi ya mphepo yozizira. Ana onse awiri anali ndi chimfine, mamina ali chuchuchu, koma ankasewera ngati palibe kanthu. Ambokile akaweruka kumunda ankawaika pamiyendo, Angel kumadyera m'dzanja lake, Keith kumamuyetsemulira kumaso, iye kumangoseka.

Tsiku lina akupuntha mpunga, Ambokile anaponya ndodo pansi n'kugwira mutu ndi manja awiri.

"Dzuwali likundibaya m'maso," anatero.

Dzuwa lake linali la mu Juni, lofooka. Violet anamupatsa panado n'kumugoneka pamthunzi. Pofika masana anali atasanza kawiri, thupi lili moto. M'mawa mwake Violet anayesa kumudzutsa kuti amwe phala, ndipo atamugwira kumutu kuti amutukule, thupi lonse linadzuka pamodzi ngati munsi. Khosi linali litakana kupinda. Ambokile anakuwa, kenako anayamba kuitana ng'ombe zake mayina, kuziuza kuti zikhote, chonsecho ali m'nyumba.

Anamunyamula pangolo mpaka kumsewu, kumeneko n'kupeza galimoto yopita ku Boma. Yunike, mlongo wake wa Ambokile wokwatiwa ku Iponga, anawapeza kuchipatala kuti azisunga Keith panja, poti khanda sililoledwa m'wodi ya akuluakulu. Achipatala anamupinda Ambokile ngati nkhanu, amuna atatu atamugwira, n'kumutenga madzi a pamsana. Violet anawaona m'kabotolo madziwo. Anali oderako ngati otsukira mpunga.

Pa tsiku lachitatu a dokotala, mayi wachitsikana dzina lake Khumbize, anamuitanira pakhonde.

"Mama, amuna anu ali ndi matenda oumitsa khosi. Mankhwala tayamba kale, akulowa ndi diripi. Kunyumba kuli ana aang'ono?"

"Alipo awiri."

"Katemera akulandira?"

Violet anayang'ana zala zake za kumapazi.

"Si mlandu, ndikungofuna kudziwa," anatero a Khumbize. "Kachilombo kamene tapeza m'madzi aja ndi komwe kamayambitsa chibayo. Kamakonda kukhala m'mphuno mwa ana aang'ono, mwana osadwala n'komwe, kumangoseweretsa mamina ake. Akayetsemula kamalumphira kwa wamkulu. Wamkulu wamphamvu mwina sangamve kanthu. Koma kwa munthu ngati amuna anuwa, amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chocheperako, kamatha kukwera mpaka kubongo. Katemera wa chibayo amene timabaya makanda uja amachepetsa kachilomboka m'mphuno mwawo. Ndiye mukabayitsa mwana, mwatchinjirizako ndi bambo ake omwe, ndi agogo ake omwe."

"Ndiye kuti ana anga ndi amene awadwalitsa?"

"Yayi, mama, musandiikire mawu m'kamwa. Ine sindingaloze mwana. Mwina anakatenga m'minibasi, mwina kumsika, ndani angadziwe? Ndipo katemera satseka zonse, tizilombo tina timadutsabe. Koma anamwino akale m'wodi muno amati mabedi awa ankadzaza ndi ouma khosi kuposa lero. Mankhwala otalikitsa moyo athandiza, katemera wa ana nayenso wathandizako. Wamng'onoyo ali ndi miyezi ingati?"

"Isanu."

"Nthawi ilipo, koma musachedwe. Kachilombo komwe kagwetsa bambo kangagwetsenso khandalo, ndipo khanda silipirira ngati wamkulu. Bambowa nawonso akhoza kudwalanso."

A dokotala ananena zinthu ziwiri, koma Violet ananyamula chimodzi. Zoti mwina ndi m'minibasi anazisiya pakhonde pomwepo. Chimene anapita nacho ndi chithunzi cha Keith akuyetsemulira kumaso kwa bambo ake, ndi sutikesi yachitsulo m'nyumba imene iye sankaloledwa kulowamo. Anakhala pambali pa bedi akupukuta Ambokile pakamwa, mumtima akutukwana nkhalamba ija mayina amene sangalembedwe.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi Ambokile anatsegula maso, n'kumuzindikira mkazi wake, n'kupempha madzi. Violet analira ndi chimwemwe, kuthokoza Mulungu mokweza, kumuuza za ana, za mpunga umene anthu a kutchalitchi anathandiza kututa. Ali mkati molankhula, wantchito wina anagwetsa beseni lachitsulo pasimenti. Wodi yonse inadzidzimuka, ngakhale mkulu wina amene anali atakomoka masiku awiri anagwedeza phazi. Ambokile sanaphethire n'komwe. Anangoyang'ana pakamwa pa mkazi wake.

"Iwe," anatero ndi mawu okweza ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje, "bwanji ukungotafuna milomo? Lankhula!"

A Khumbize atamuyeza, sanazungulire. Anati matendawa amachita zimenezi, amapsereza makutu m'kati. Mwina khutu limodzi lidzabwererako pang'ono, mwina ayi. "Musayembekezere zambiri, mama," anatero.

Anabwerera ku Kaporo patatha milungu itatu. Ambokile anali atatha, akuyenda modzandira ngati woledzera, munthu wosamwa mowa. Nthabwala zinatha, poti nthabwala imafuna umve mnzako akuseka. Ankakhala pakhonde tsiku lonse ndi kope limene Yunike anamugulira, cholembera chitamangiriridwa ndi ulusi. Wofuna kumuuza kanthu ankalemba mmenemo. Angel ankabwera kudzamuimbira nyimbo za ku Sande sukulu, n'kumakwiya kuti adada sakuwomba m'manja pamalo pake.

Lolemba Violet anatenga kope lija n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu: "Pitani kwa Tata mukatenge timabuku. Sikelo ndi Lachinayi. Muwauze zimene ananena a dokotala."

Ambokile anawerenga, kuwerenganso, n'kutseka kope.

"Mutu ukundipweteka," anatero.

Lachiwiri Violet analembanso. Ambokile anayang'ana kumbali. Ndipo munthu wosamva akayang'ana kumbali, basi nkhani yatha, ulibenso pomugwirira.

Violet anatembenukira kwa Yunike, amene anali akumanga katundu wake kuti azibwerera ku Iponga.

"Alamu, ndipitireni ndinu. Ndi bambo anu."

"Ine?" Yunike anawomba m'manja kamodzi. "Ine ndine wa eni ake, mlamu, ng'ombe zanga anadya kale. Nkhani ya ana a pakhomo pano ndiilowa ngati ndani? Komanso Tata chiyambire kudwala achimwene sakudya bwino. Mukufuna ndikawauze kuti mwana wawo wagontha chifukwa cha iwo? Mukufuna maliro ena?"

"Nanga maliro a Keith ndiye abwino?"

"Musalankhule choncho, mlamu. Dikirani achimwene apeze mphamvu."

Anali atadikira zaka zitatu. Lachitatu m'mawa, ng'ombe zitangotuluka, Violet anamangirira Keith kumsana, chitenje chofunda kumutu chija anachisiya pachingwe, n'kuyamba kuyenda. Anadutsa nthochi, anadutsa khola, anadutsa mtengo wa mpoza umene unali malire ake chikwatiwireni. Mkwiyo unkamukankha kumsana. Ankadziwa kuti mwina pofika madzulo adzakhala ali pamsewu wa ku Uliwa wopanda mwana ngakhale mmodzi.

A Mwakibinga anali pakhonde akupota chingwe cha ng'ombe. Violet anaima patsogolo pawo n'kuwayang'ana kumaso.

Anakhumudwa. Zaka zonsezi ankaganiza za chimunthu chachikulu cha maso ofiira. Apa panali kankhalamba kouma, diso limodzi loyera ndi ng'ala, malaya obooka paphewa, ndipo pakamwa pake panali pa Ambokile penipeni.

Nkhalambayo inaponya chingwe, kutembenukira kukhoma, n'kudziphimba kumaso ndi chipewa.

"Mkamwana! Wapenga? Kwagwa chiyani? Ambokile wamwalira?"

"Ali moyo, Tata. Koma pakamwa panga panali iyeyo, ndipo tsopano samva chimene ndikumutuma. Ndiye ndabwera ndekha." Mawu ankatuluka osakanizika, Chinkhonde chake chothyokathyoka, Chitumbuka ndi Chichewa cha kuchipatala, zonse pamodzi. "Ndabwera kudzatenga timabuku ta ana anga. Ipyana anafa ndi malungo, ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu anga. Inu munalumbira pamaliro anthu n'kukuwomberani m'manja, ine ndi amene ndakhala ndi lumbiro lanulo m'nyumba. A dokotala akuti kachilombo kamene kagonthetsa mwana wanu kamakhala m'mphuno mwa ana osabayidwa. Zaka zitatu ndakhala ndikukupemphani mwezi ndi mwezi, inu ayi, ayi, ayi. Lero mundikanire ndikukuonani. Mukafuna kundithamangitsa, ndithamangitseni mawa madzulo, ndikabwerako kusikelo."

A Mwakibinga anali akadali chopenyera kukhoma. Chifuwa chija chinabwera, n'kupita.

"Wati wakhala ukundipempha?"

"Mwezi uliwonse."

"Kudzera mwa ndani?"

"Mwa ndaninso? Mwa mwana wanu."

Nkhalambayo inatsitsa chipewa pang'onopang'ono. Sinatembenuke, koma mawu ake anasintha.

"Ambokile amabwera kuno, inde. Amakhala pamenepo waimapo. Timakamba za ng'ombe, za madzi osefukira, za mtengo wa mpunga. Za timabuku sananditchulirepo ngakhale tsiku limodzi."

Violet anamva ngati pansi papendekeka.

"Mukunama," anatero, mawu amene mkamwana sanawanenepo pakhomo limenelo chimangireni nyumbayo.

"Ndine wokalamba, sindinganame kwa mwana," anayankha a Mwakibinga osakwiya. "Pamaliro paja ndinalankhula ndi chisoni. Kabuku ka Angel ndinatengadi ndine, mtima unali udakali wowawa. Koma chaka cha kolera chija anthu atagwa ngati nthochi zakupsa, ine ndemwe ndinapita kwa a Jeffrey kukamwa katemera wawo, ndinadzera kuseri kuti anthu asandione. Nditabwerako ndinamufunsa Ambokile kuti, kodi mkamwana sanenapo za timabuku? Iye anati, Tata, mayi uja safuna kumva n'komwe za singano, akangoona a Jeffrey amalira Ipyana. Ndinati, chabwino, mayi woferedwa sakakamizidwa. Ka Keith anabwera nako yekha, ine osamutuma. Anati ndiwe wanena kuti kachoke m'nyumba."

"Bwanji osandifunsa?"

"Ndikufunse bwanji? Ndikakumana nawe umalowa m'madzi."

Violet anakumbukira matope onse amene anaimamo, minga yonse imene inamubaya pothawira patchire, kupereka ulemu kwa munthu amene ankamutukwana mumtima, pomwe munthuyo ankadutsa akumumvera chisoni. Akanangotsokomola n'kunena mawu atatu ali chofunda kumutu, nkhaniyi ikanatha kalekale.

A Mwakibinga analowa m'nyumba. Violet anamva sutikesi ikukwekwesedwa pansi, loko ikukana, kenako ikulola. Anatuluka ndi timabuku titatu tomangidwa ndi mphira, tonunkha mankhwala a njenjete. Sanamupatse m'manja. Anatiika pampando, n'kubwerera m'mbuyo.

"Tenga. Ka Ipyana ukafuna undisiyire." Anakhosomola. "Wandiona kumaso. Azakhali ake a Ambokile akamva adzafuna chindapusa, ndipo ine sindingawaletse."

"Akatenge kwa mwana wanu," anatero Violet. Anasolola timabuku tiwiri, kachitatu n'kukasiya pampando.

Ambokile anamuona akutulukira kuseri kwa khola, mutu uli pamtunda, timabuku tili m'manja. Anayesa kuimirira koma anadzandira n'kukhalanso. Violet anatiponya pamiyendo pake.

Ndiye anayamba. Anamuuza zonse. Anamuuza za ola limene ankakhala kwa bambo ake akukamba za ng'ombe, iye kuno akupemphera kuti mtima wa nkhalamba ufewe. Anamuuza za amayi a pamjigo ndi kuseka kwawo, za nkhalamba yosalakwa imene anaitemberera pambali pa bedi la kuchipatala, za beseni lija. Anamutchula wabodza, wamantha, munthu woika mawu ake m'kamwa mwa bambo ake ndi mwa mkazi wake kuti iye aoneke woyera pakati. Anakuwa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo, Yunike n'kutuluka ndi chikwama m'manja, Angel n'kubisala kuseri kwa mtondo. Zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati anali asanamukwezerepo mawu mwamuna wake, ndipo tsiku limene anawakweza, onse a pamudzi anamva kupatula mwini wake.

Ambokile ankangoyang'ana milomo ikuyenda. Atatha mpweya Violet, iye analankhula, mokweza monga ankachitira tsopano, moti ngakhale bambo ake kuseri kwa khola ayenera kuti anamva.

"Ndinamunyamula ndine Ipyana tsiku lija. Iwe unali ndi malungo, sunapite. Ndinamukweza panjinga ndine. Pomubaya ndinamugwira miyendo ndine kuti asapalapate. Anandiyang'ana. Ndikudziwa anati malungo. Ndikudziwa. Koma ndikati ndipite kwa Tata ndikatenge timabuku, manja awa ankakana."

Anatambasula kope kuti Violet alembe yankho. Misozi inali ikutsika, ndipo Yunike anali atayamba kale kulira nawo.

Violet sanalire. Chisoni anali nacho, koma chinali pansi kwambiri, pamwamba pake pali mkwiyo. Iyenso anaika mwana m'manda. Ambokile akanamuuza, akanalira limodzi, iye n'kupita yekha kusikelo. Koma mwamunayu anasankha kumusandutsa chitsiru kwa zaka zitatu, akumutsina mwana patsaya n'kumaseka za mkaka wa Chitumbuka. Anagwira cholembera nthawi yaitali. Zonse zimene anakuwa zija sizikanakwana m'kopemo, ndipo analibe mphamvu yozibwereza. Analemba mzere umodzi: "Mawa mukamugwira miyendo ndinu."

Lachinayi amayi a pasikelo anaona zachilendo. Violet anali patsogolo ndi Angel, Ambokile akudzandira pambuyo atanyamula khanda, mwamuna yekhayo pakati pa zitenje makumi atatu. Palibe amene anatchula za chitsulo m'thupi. Nkhani ya dzulo inali itafika kale pamjigo, ndipo azakhali anali atatumiza kale mawu kuti Loweruka kuli bwalo.

A Jeffrey anatsegula timabuku tija, masamba ake oyera ngati ogula lero, n'kupukusa mutu.

"Keith tiyamba lero, abwerenso kawiri. Angel katemera wina wamupitirira, wina timupatsa." Anazengereza, n'kufunsa motsitsa mawu, ngati kutsitsako kunali ndi ntchito, "Nanga bambowa makutu?"

"Katemera wa makutu muli naye m'bokosimo?" anafunsa Violet.

A Jeffrey anatulutsa kabotolo n'kukoka mankhwala.

Ambokile anakhala pabenchi, Keith ali pamiyendo. Anamugwira timiyendo tonenepa tija ndi manja awiri, manjawo akunjenjemera moti a Jeffrey anachita kuwakhazika ndi dzanja lawo. Singano inalowa. Keith anakoka mpweya, kufiira, n'kutulutsa liwu lokuwa loti mbalame zinabalalika mumtengo wa mango, makanda ena onse n'kulandira.

Ambokile anayang'ana kakamwa kotsegukako, kalilime kakunjenjemera m'kati. Anawerama, n'kuika khutu lake pafupi penipeni, kenako khutu linalo. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana mkazi wake.

"Akulira?" anafunsa mokweza.

Kope linali m'chikwama, cholembera chili pomwepo. Violet sanalitulutse. Anatenga mwana wake pamiyendo ya bambo ake, n'kumuika kubere, n'kufunsa a Jeffrey tsiku lobweranso.